JOMBO YA CIPATALA: KABVALIDWE NDI KAYENDEDWE KAKE

Phunziro lathu la mlungu uno likukhudza anthu obvulala phazi kapena kakolo, ndiponso onse amene akudwazika anthu otere. Inu amene mumakhala ku Lusaka, kapena mumapitako kukaona abale, mwaona anthu ena m'Kanyama, m'Matero, m'Chawama ngakhale m'Mtendere akuyenda motsimphina atabvala jombo yaikulu ya pulasitiki mwendo umodzi, yomangidwa ndi malamba kucokera ku zala kufika m'munsi mwa bondo. A cipatala amaicha walker boot, ena amati moon boot. Ife pano tiziti jombo ya cipatala.

Kale munthu akathyoka pa kakolo panalibe cofunsa. Anali kumuika cikhakha, cija timati pulasitala kapena P.O.P. Nsalu zopaka pulasitala anaziyamba ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, m'caka ca 1851, ndipo kufikira lero zikugwira nchito yabwino m'zipatala zathu. Jombo inabwera ndi ubwino umodzi waukulu, wakuti imabvulika. Munthu atha kutsuka phazi, kuona khungu lake, ndi kucepetsa kapena kuonjezera kuthina kwake monga mwa katupidwe ka mwendo. Koma ubwino womwewo ndiwo umapweteketsa anthu ambiri. Cikhakha cimakhala pa mwendo mwini wake afune asafune, pamene jombo imadalira mwini wake. Akaibvala molakwa, kapena akamaibvula nthawi iriyonse ikamtopetsa, fupa limakhala ngati silinamangidwe konse.

NCHITO YAKE NDI YOTANI?

Phazi la munthu liri ndi mafupa 26. Pamwamba pake pamakhala mafupa awiri a msongolo, ndipo nsonga zao ndizo timabampu tiwiri timene mumakhudza pa kakolo, kena mkati kena kunja. Mafupa onsewa amamangidwa pamodzi ndi mitsempha yolimba ngati zingwe. Munthu akaponda mwala phazi n'kupindikira mkati, zingwe izi zimatamuka kapena kung'ambika, ndiko kubinya kumene. Mphamvu ikacuruka fupa lenileni limathyoka.

Fupa lothyoka ndi mtsempha wong'ambika zimalumikizana zokha, malinga ngati sizikugwedezeka. Nchito ya jombo ndi kugwira kakolo kuti kasapindike. Kunja kwake ndi kolimba, mkati muli nsalu yofewa ya siponji, ndipo kunsi kwake ndi kokhota ngati pansi pa bwato, kuti munthu azigudubuza phazi poyenda osapinda kakolo. Zina ziri ndi kathumba ka mpweya kamene mumapopa ndi cala. Pali zazitali zofika m'munsi mwa bondo, zimene ndi za kakolo ndi za mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa cidendene, ndipo pali zazifupi zimene zimapatsidwa pa mabvuto ena a zala ndi a kutsogolo kwa phazi. Kupatsa munthu wothyoka kakolo jombo yaifupi ndi kutaya ndalama.

YAMBANI MWAPIMIDWA

Apa ndipo ambiri amalakwira. Mnyamata wabvulala pa bwalo la mpira m'George, mnansi akuti "ine ndiri ndi jombo imene ndinabvala caka catha," basi amubveka. Ululu umacepa ndithu cifukwa phazi lagwidwa, ndipo mnyamatayo sapitanso ku cipatala. Pakapita miyezi iwiri ndipo amabwera, fupa litalumikizana mokhota.

Si kuthyoka konse kumene kumafuna jombo. Imathandiza pa kubinya kwakukuru, pa kuthyoka kwa kabampu kakunja pamene fupa silinasunthe pa malo ake, pa kuthyoka kwa mafupa ena aatali a phazi, pa ming'alu ya mafupa imene imagwira othamanga ndi asilikali, ndiponso munthu akacotsedwa cikhakha kapena akacitidwa opaleshoni. Koma ngati mafupa asemphana, ngati timabampu tonse tiwiri tathyoka, ngati phazi lakhota, kapena pali cironda cofika pa fupa, jombo siingathandize. Zotere zimafuna kuongola, cikhakha, kapena opaleshoni, ndipo cironda cofika pa fupa siciyenera kugona kunyumba ngakhale usiku umodzi.

Mudziwa bwanji kuti muyenera kujambulidwa X-ray? Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anatulutsa malangizo m'caka ca 1992 amene a cipatala ambiri timatsata. Ngati simungathe kuponda ndi kuyenda masitepe 4, ngakhale motsimphina, muyenera kujambulidwa. Cimodzimodzi ngati mukumva ululu pa fupa lenileni munthu akadina kunsonga kapena m'mphepete mwa kumbuyo kwa kabampu, kukwera mpaka masentimita 6. Malo ena awiri ndi pa kafupa kotulukira m'mbali mwa phazi kunja, pakati pa cidendene ndi kacala kothera, ndi pa kafupa ka mkati mwa phazi pamwamba pa pokumbika paja. Malangizo awa ndi a wopima wophunzira. Ndawalemba kuti mudziwe cimene tikufuna tikamadina phazi lanu, osati kuti muzidziweruza nokha. Munthu woledzera, wa matenda a shuga amene phazi lake silimva bwino, ndi mwana wamng'ono, malangizowa sangawadalire.

Kafupa ka kunja kwa phazi kaja ndi kofunika kukacenjerera. Kakathyoka kunsonga kwenikweni kamapola bwino m'jombo pa milungu 4 kufika 6. Kakathyoka patsogolo pang'ono cabe, pamene magazi safika ambiri, kamacedwa ndipo nthawi zina sikalumikizana. Kuthyoka kumeneku kunachedwa ndi dzina la Robert Jones, dokotala wa mafupa wa ku Britain amene anakufotokoza m'caka ca 1902, atathyoka iye mwini pobvina. Anthu awiri atha kuloza malo amodzi pa phazi, wina n'kuuzidwa kuti ayende, wina n'kuletsedwa kuponda kwa milungu 6 kapena kuposa. Tero musatengere malangizo a mnzanu.

Zipatala za Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje ndi Chipata, zimene kale zinali makiliniki, zinakwezedwa kukhala zipatala za gawo loyamba, ndipo ndiko koyambira. A ku Kalingalinga, Mtendere ndi George yambirani pa kiliniki yanu, adzakulemberani kalata ngati kufunika. Mabvuto akuru a mafupa amatumizidwa ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Ana olemala mapazi amathandizidwanso ku Beit CURE, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2006.

Pamene mukukonzekera ulendo wa ku cipatala, gonekani wodwalayo ndi kukweza phazi pa mitsamiro. Ikani ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kufika 20, ndipo ngati mulibe, nsalu yobviika m'madzi ozizira ithandizako. Musathowe ndi madzi otentha masiku oyamba, kutupa kumangoonjezeka. Musakoke phazi kuti "libwerere." Ndipo conde, agogo ndi amalume, lekani kutema mphini pa malo otupa. Mphini zimatsegulira tizirombo njira pamwamba pa fupa lothyoka, ndipo dokotala sangacite opaleshoni pa khungu la mafinya.

Nthawi zambiri jombo imafuna kugula, ndipo mtengo wake si wamasewera. Ngati mulibe ndalama, nenani poyera. Cikhakha coikidwa bwino cimapoletsa fupa cimodzimodzi, ndipo kwa munthu amene ndikuona kuti sangapirire, kapena mwana wosamva, ine ndimasankha cikhakha.

KABVALIDWE KAKE

Ulendo woyamba akubvekeni a cipatala inu mukuona, kenaka mubvule ndi kubvalanso nokha pamaso pao. Musacite manyazi kupempha zimenezi. Bwerani ndi munthu amene azikuthandizani kunyumba kuti nayenso aone.

Jombo zambiri zimalowa phazi lirilonse, lamanja kapena lamanzere, koma zimasiyana kukula. Yoyenera ndi imene cidendene cikafika kumbuyo, zala zimatsala pang'ono kufika kumapeto. Zala zikatulukira kunja mudzazipunthwitsa pa miyala. Ikakula kwambiri phazi limasewera mkati. Pamwamba pa jombo yaitali pazitsala zala ziwiri kapena zitatu kuti ifike pokhota pa bondo, kuti isakudyeni mukakhala pansi.

Khalani pa mpando, bondo litapindika. Bvalani sokosi yaitali yoyera bwino, youma, yopitirira pamwamba pa jombo, ndipo muikoke kuti pasakhale makwinya. Khwinya limodzi la sokosi likhoza kubala thuza pa tsiku limodzi. Masokosi a mpira ndi abwino ngati lamba wake sakuthina. Masulani malamba onse, tsegulani nsalu ya mkati, ndipo lowetsani phazi mpaka cidendene cigunde kumbuyo ndi pansi. Ici ndico cacikuru pa kabvalidwe konse. Cidendene cikatsala m'mwamba kapena patsogolo, ngakhale mumange malamba mwamphamvu bwanji, kakolo kadzagwedezeka pa sitepe iriyonse.

Kutirani nsalu ya mkati pa phazi, kenaka pa msongolo. Ngati jombo yanu iri ndi zitsulo kapena mapulasitiki awiri oimirira m'mbali, aziyang'anizana ndi timabampu ta kakolo ndi kutsata pakati pa mwendo, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati iri ndi cibvinikiro ca kutsogolo, ciikeni tsopano. Timapilo tating'ono timene timabwera m'katoni musataye, ndi toika pamene jombo ikukhula fupa, makamaka pa timabampu ndi pamwamba pa phazi.

Mangani malamba kuyambira ku zala kukwera m'mwamba. Lamba aliyense agwire, koma cala cimodzi cizitha kulowa pansi pake. Ngati pali kathumba ka mpweya, popani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti mwendo wakumbatiridwa, osati kufinyidwa. Kenaka imirirani mutagwira khoma ndi kuyesa kukweza cidendene mkati mwa jombo. Cikamakwera ndi kutsika, khalaninso pansi muyambirenso.

Mukatha yang'anani zala. Zikhale zofunda, za mtundu wofanana ndi za phazi linalo, ndipo muzitha kuzigwedeza. Dinani cikhadabo ca cala cacikuru mpaka ciyere, kenaka siyani. Cizifiiranso musanawerenge kufika pa 3. Cikacedwa, kapena mukamva dzanzi, masulani malamba ndi kucotsako mpweya. Kumbukirani kuti phazi limatupa madzulo ndi kuphwa m'mawa, ndiponso kutupa kumatha pakapita masiku. Malamba amene anali bwino Lolemba adzakhala okhwepa Lacisanu. Amafuna kukonza tsiku liri lonse.

KUYENDA NAYO

Musacoke m'cipinda ca wopima musanamve mayankho a mafunso atatu. Kodi ndiziponda ndi thupi lonse, pang'ono cabe, kapena ndisaponde konse? Kodi ndizigona nayo? Nanga ndibwerenso liti? Alembeni pa kadi lanu. Dzina lakuti jombo yoyendera limanamiza anthu. Ena amapatsidwa jombo koma ndi lamulo lakuti asaponde, ndipo awa ayenera kuyenda ndi ndodo ziwiri za m'khwapa.

Ndodo zikhale zotsala zala ziwiri kapena zitatu kufika m'khwapa, ndipo thupi lilemere pa manja. Kutsamira ndi khwapa kumafinya mitsempha mpaka dzanja kufooka. Amene aloledwa ndodo imodzi aigwire ku dzanja la mbali yabwino, osati ku mbali yobvulala monga amacitira ambiri. Yang'anani mphira za kunsi kwa ndodo, zikatha zimatereka pa simenti yopolisha.

Poyenda yambani ndi cidendene, gudubuzani phazi, mumalize ndi kutsogolo. Masitepe akhale afupiafupi, ndipo zala ziziloza kumene mukupita. Ena amatembenuzira jombo kunja n'kumaikoka cam'mbali ngati nkhanu, ndipo pakapita mlungu amabwera akudandaula bondo. Pokwera khonde kapena sitepe, utsogole mwendo wabwino. Potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wobvulala.

Cinthu cimene ambiri sauzidwa ndi ca phazi linalo. Kunsi kwa jombo ndi kocindikala, tero mwendo wobvulala umatalika. Mukabvala patapata ku phazi labwino mudzayenda mopendekera, ndipo msana ndi ciuno zidzayamba kuwawa. Bvalani nsapato yocindikala kunsi, yomanga ndi zingwe. Ngati ikucepabe, wosoka nsapato wa pa msika atha kumatako mphira ina. Azimai musayese kulinganiza ndi nsapato ya gogoda.

MOYO WA M'KOMBONI

Amene anapanga jombo izi anali kuganiza za nyumba za matailosi ndi miseu ya phula. Kwathu kuno muli miyala yosongoka, ngalande, fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja. Kanyama anamangidwa pa thanthwe ndipo madzi ali pafupi, cotero mvula ikagwa kuyambira Novembala kufika Epulo madzi amaima m'njira masiku ambiri. Jombo iri ndi mpata ku zala ndipo siiletsa madzi. Siponji ya mkati ikanyowa imasunga cinyontho, khungu limabvunda, ndipo ngati pali cironda ca opaleshoni ndiye bvuto lalikuru.

Ngati mufunika kuturuka kunja kukugwa mvula, bvekani jombo pulasitiki yaikuru ndi kumanga pansi pa bondo, koma dziwani kuti pulasitiki imatereka, tero yendani ndi munthu. Mukalowa m'nyumba icotseni msanga kuti thukuta lisadzaze. M'madzi oima musapondemo. Simuona dzenje liri pansi, ndiponso madzi otere amasakanikirana ndi za m'zimbudzi, monga tinaonera pa mliri wa kolera wa 2017 kufika 2018 ndi wa 2023 kufika 2024. Kunsi kwa jombo kumanyamula zonse za m'njira. Pukutani ndi madzi a sopo kapena a kolorini musanalowe nayo kogona, ndipo musambe m'manja mukaigwira. Amene auzidwa kugona nayo aikulunge m'citenje cakale kuti isadetse zofunda.

Tikambeko za cimbudzi, popeza ambiri amacita manyazi kufunsa. Munthu wobvala jombo sangathe kunjuta cifukwa kakolo sikapindika. Ndiye ambiri amaibvula pakhomo pa cimbudzi n'kunjuta ndi phazi lothyoka, kawiri kapena katatu pa tsiku. Palibe cimene cimapinda kakolo kuposa kunjuta. Pezani mpando wakale wolimba, mubooze pakati, muziuika pamwamba pa dzenje. Ngati cimbudzi ciri kutali kapena ndi ca mabanja ambiri, ikani ndowa ya cibvinikiro pansi pa mpandowo m'nyumba, makamaka usiku, ndipo itayidwe m'cimbudzi ndi kutsukidwa bwino. Posamba khalaninso pa mpando. Ngati mwaloledwa kubvula, bvulani mutakhala, sambani mutakhala, pukutani bwino pakati pa zala, ndipo bvalani musanaimirire.

Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20. Mai wobvala jombo asasenze madzi ocokera pa mpope, ndipo asayende ndi ndodo atabereka mwana pa njira ya miyala. Abambo ndi anyamata a pa nyumbapo, iyi ndi nthawi yanu yogwira cigubu. Okankha mawilibala ndi onyamula katundu pa Soweto, ndidziwa kuti tsiku losagwira nchito ndi tsiku la njala, koma fupa likalephera kulumikizana mudzakhala pansi miyezi m'malo mwa milungu. Amai ogulitsa pa msika atha kubwerera msanga ngati akhala pansi ndi kusanjika phazi pa kreti, osati kulilendeweretsa tsiku lonse.

Pa minibasi pemphani mpando wakutsogolo kapena wa pakhomo, ndipo uzani kondakitala kuti galimoto iime ndithu musanatsike. Oyendetsa galimoto, musagwire ciongolero mutabvala jombo. Ku phazi lamanja imacedwetsa kuponda buleki ndipo ikhoza kuponda mapedulo awiri pamodzi. Ku lamanzere simungaponde kilachi bwino. Kuibvula kuti muyendetse ndi kulakwa kuwiri. Njinganso iyembekeze.

Fumbi ndi ulusi zimadzaza pa malamba omata aja mpaka kuleka kugwira. Palani ndi mswaci wakale kapena cipeso. Nsalu ya mkati muzicapa ndi manja ndi sopo wamba, tsiku limene simukupita kulikonse, ndipo pamene ikuuma khalani pa bedi osaponda. Musaumike jombo pa mbaula, pulasitiki imapindika ndi moto ndipo siibwereranso. Musaothe moto pafupi mutaibvala.

Za pa salaula ndi zobwereka sindiziletsa, popeza ndidziwa mmene matumba aliri. Koma muyang'ane kuti pulasitiki siinang'aluke, kunsi sikunadyeke mbali imodzi, malamba onse alipo ndipo akugwira, ndiponso kathumba ka mpweya sikakuphwa. Capani nsalu ya mkati ndi kuiumitsa bwino. Kenaka pitani nayo kwa amene anakupimani aone ngati ndi mtundu woyenera ndi saizi yoyenera.

KUBVULA NDI ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Ululu umatha msanga kuposa mmene fupa limapolera. Pa mlungu waciwiri kapena wacitatu munthu amamva bwino, ndipo apa ndipo jombo imayamba kutsala pansi pa bedi. Amati "ndingofika pa kantemba," kapena "ndingopita kukataya madzi." Fupa la munthu wamkuru limafuna milungu 6 kapena kuposa kuti ligwirane, ndipo pa mlungu wacitatu cimene calumikiza ndi cofewa ngati phala loyamba kuuma. Ngati mwaloledwa kugona osabvala, ikani jombo pambali pa bedi, ndipo mukadzuka usiku ibvaleni ngakhale ulendo uli wa masitepe 5.

Amene anaduka mtsempha waukuru wa kumbuyo kwa cidendene amaikiridwa timitanda pansi pa cidendene mkati mwa jombo kuti phazi liloze pansi, nsonga za mtsempha zikumane. Timitanda iti amacotsa ndi a cipatala, kamodzikamodzi pa nthawi yake. Munthu wotere akangoponda pansi popanda jombo, nchito ya milungu yambiri ikhoza kuonongeka nthawi imodzi.

Kamodzi pa tsiku, ngati mwaloledwa, bvulani ndi kuyang'ana khungu lonse, makamaka cidendene, timabampu ndi pamwamba pa phazi. Malo ofiira kapena akuda amene sakubwerera pakapita mphindi 20 ndi ciyambi ca cironda. Ikanipo kapilo m'mbali mwake ndipo mukaonetse.

A matenda a shuga, ndime iyi ndi yanu. Shuga imapha mitsempha yomvera ya ku mapazi, tero jombo ikhoza kukudyani mpaka cironda inu osamva kanthu. Muziyang'ana phazi kawiri pa tsiku, kunsi komwe, ndi kalilole kapena ndi maso a mwana wanu. Gwedezani jombo musanabvale kuti mucotse timiyala. Ena a inu mumapatsidwa jombo kuti cironda ca kunsi kwa phazi cisapondedwe. Kafukufuku wina wa ku America wa 2003 anapeza kuti odwala otere anali kubvala jombo pa masitepe 28 okha mwa 100 alionse amene anayenda pa tsiku. Ndi cifukwa cake madokotala ena amaikulunga ndi bandeji yolimba kuti isabvulike. Akatero musakwiye.

Mwendo wosagwedezeka umacedwetsa magazi, ndipo nthawi zina magazi amaundana mu mtsempha wa m'katumba. Ngozi iyi imakula kwa onenepa, osuta fodya, amai apakati kapena ongobereka kumene, akumwa mapiritsi ena olera, odwala kansa, ndi amene zinawacitikirapo kale. Ngati muli m'gulu iri, uzani wopima tsiku loyamba. Gwedezani zala kawirikawiri, pindani ndi kuongola bondo, imwani madzi okwanira, ndipo musakhale malo amodzi maola ambiri. Pa ulendo wautali wa basi, monga wa ku Chipata, tsikani ndi kuyendako paliponse basi ikaima.

Pitani ku cipatala tsiku lomwelo ngati katumba watupa, walimba, watentha kapena akuwawa mwacilendo. Ngati zala zazizira, zatuwa kapena zacita dzanzi ndipo sizikusintha mutamasula malamba. Ngati ululu ukukulirakulira osamva mankhwala. Kapena ngati m'jombo mukuturuka fungo, mafinya, ndipo thupi latentha. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka m'cifuwa kapena kutsokomola magazi ndi ngozi ya moyo. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pa ululu wamba Panadol amakwanira. Brufen amathandiza kutupa, koma a zironda za m'mimba, a matenda a impso ndi amai apakati asamwe popanda kufunsa. Fodya amacedwetsa kulumikizana kwa fupa, izi ndi zodziwika bwino. Mowa ndi ndodo za m'khwapa siziyendera limodzi. Kapenta wodya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, nsinjiro, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimapatsa thupi zomangira fupa.

KUSIYA JOMBO

Tsiku losiya amanena ndi a cipatala, nthawi zina atajambulanso. Kubinya kwakukuru kumafuna masiku ocepa, kawirikawiri osapitirira milungu iwiri, cifukwa kakolo kobinya kakakhalitsa m'jombo kamauma. Apanso pali ena amene amakakamira jombo miyezi cifukwa ca mantha, ndipo katumba amafota.

Musadabwe kuona mwendo utaonda, khungu likufunduka, ndi kakolo kolimba. Yambani kuyenda m'nyumba ndi nsapato yomanga kwa ola limodzi kapena awiri, kunja muzibvalabe jombo, ndipo muzionjezera tsiku ndi tsiku. Mutakhala pansi, lembani zilembo m'mwamba ndi cala cacikuru kuti kakolo kazungulire mbali zonse. Kolekani thaulo kunsi kwa phazi ndi kukokera kwa inu pang'onopang'ono, bondo litaongoka. Mukalimba, imirirani mutagwira khoma ndi kunyamuka pa zala, kenaka phunzirani kuima ndi mwendo umodzi mpaka masekondi 30. Kuima ndi mwendo umodzi ndiko kumaphunzitsanso kakolo kudzigwira pa miyala, ndipo amene amakulumpha ndi amene amabinyanso pa malo omwewo. Ngati cipatala canu ciri ndi a physiotherapy, pemphani kalata yokaonana nao.

Kutupa kwa madzulo kutha kupitirira miyezi ingapo, ndipo kumacepa mukakweza phazi. Anyamata a mpira adikire kufikira atatha kuthamanga, kudumpha ndi mwendo umodzi ndi kukhota mwaliwiro popanda ululu. Ngati papita miyezi itatu ndipo pa malo othyoka pakuwawabe mukaponda, bwererani ndi kadi lanu ndi zithunzi zakale za X-ray kuti tikayerekeze ndi zatsopano.